Mapanga Awiri, Matayala Anayi

Mapanga awiri avumbwitsa, anatero makolo. Ankanena za munthu amene mvula yamupeza kuthengo, waona phanga apa, lina apo. Walowa loyamba, waona kuti likudontha pakona, wathamangira lachiwiri, wapeza kuti n'lothina, wabwereranso. Pomwe mvula ikukata, mnzake amene anangodzipinda m'phanga limodzi akutuluka wouma, iye madzi ali chuchuchu mpaka m'matumba. Mwambiwu unakhala zaka zambirimbiri popanda woutsutsa, kufikira kunabwera anthu opanga matayala.

M'chaka cha 1976 kampani ya ku America ya BFGoodrich inatulutsa tayala lomwe inati ndi la paliponse, patala, pamiyala, pamchenga, m'matope momwe. Analiyesa m'mipikisano ya m'chipululu cha Baja ku Mexico, ndipo mdzukulu wake wotchedwa KO2, wa mu 2014, ndi amene eni mapikiapu amamutchula mwaulemu akakhala pozizira Loweruka madzulo. Lero pafupifupi kampani iliyonse ili ndi lake, lolembedwa AT m'mbali. Anthuwa anakhala pansi n'kusula tayala la munthu wa mapanga awiri uja, n'kumuuza kuti thamanga ndithu, sunyowa.

Ndipo munthuyo kuno kwathu alipo, si wa m'nthano. Amagona ku Area 47, ntchito ili ku City Centre, koma mchombo unakwiriridwa kumudzi, kutali ndi pomwe tala anathera. Lolemba mpaka Lachisanu pikiapu imanyamula laputopu ndi ana a sukulu. Loweruka foni yalira: kwagwa zovuta, kapena feteleza akufunika kumunda, kapena malume akuti malata aja abwere mvula isanayambe. Galimoto ya mwana wa m'tauni ndi ya mudzi wonse, ndipo mudzi sufunsa kuti mwaiveka matayala anji.

Kogula amapezako mitundu itatu. HT ndi la patala: mizere yake ndi yaing'ono, mphira wambiri amagunda pansi, motero limayenda mwakachetechete, limagwira bwino tala wonyowa, mafuta silidya kwambiri. MT ndi la matope, mano akuluakulu otalikirana, kuti likamazungulira lizilavula matopewo. AT lili pakati, latapako uku, latapako uko.

Maso amathamangira MT. Mwamuna akaima pafupi nalo amayamba kukumbukira maulendo amene sanayendepo. Amadziona akuwoloka mtsinje wosefukira, mudzi wonse ukuwomba m'manja kutsidya. Amagula. Tsiku loyamba kulowa mu M1 kulunjika ku Blantyre, mtunda woposa makilomita 300, amamva kuti wakwera chigayo. Akweza wailesi, chigayo nacho chikweza mawu. Mayi a kunyumba akafunsa kanthu amangogwedeza mutu, osadziwa kuti wavomera zotani. Ikawaza mvula patala, mbuzi n'kudumphira mumsewu pa Lizulu, mabuleki amafuna mtunda wautali kuposa kale, chifukwa mphira wogunda pansi ndi wochepa. Tayalalo ndi lolemeranso, ndiye mafuta aja anawagonera pamzere amatha msanga. Makolo omwewo anati walira mvula walira matope. Uyu analira matope okhaokha, koma matope amene galimoto yake imaponda sabata ndi sabata ndi a pamalo otsukira magalimoto.

AT lili ndi kwawo, ndipo kwawoko ndi msewu wafumbi ndi wamiyala. Pochoka ku Rumphi kukwera ku Nyika, kapena pa Golodi, msewu wokhotakhota wochoka ku Chitimba kukafika ku Livingstonia, chimene chimapha tayala si matope, ndi mwala wakuthwa wong'amba m'mbali, pamalo pomwe ngakhale katswiri womata amangopukusa mutu. AT labwino lili ndi mapewa ndi mbali zochindikala, ndipo apa ndalama zanu mumaziona.

Koma mulitengere ku makande a ku Chikwawa mwezi wa February. Dothi lakuda lija limamata. Tayala likazungulira kangapo, mizere yonse imadzaza, mano osaonekanso, chotsala ndi chinthu chakuda chosalala chomwe chikungozungulira pamalo amodzi. Woyendetsa aponda moto, matope auluka mpaka padenga, galimoto itsika pang'onopang'ono kufikira mimba itakhala pansi. Apa m'pamene pamatulukira anyamata amene mphindi yapitayo kunalibe, makasu ali paphewa.

"Bwana, tikankhe? Koma ya sopo ikhalepo."

Anyamatawa sawerenga zolembedwa m'mbali mwa tayala. Wa HT ndi wa AT amawalipiritsa chimodzimodzi, ndipo wa matayala ooneka odula amamuwonjezerako.

Kodi makolo ananena zoona? Theka lake. AT ndi phanga lodontha pang'ono mbali zonse: patala limalirako, mafuta limadyako, m'makande limatererako. Koma ine ndimati kwa munthu wa nyumba ziwiri uja, kunyowa mapewa chaka chonse n'kwabwino kusiyana n'kuuma miyezi khumi ndi umodzi kenako n'kumira tsiku la maliro a agogo. Chinanso, makolo ankanena za mapanga osiyana bwinobwino. Sanaone tala wa mwezi wa March, wa maenje odzaza madzi ndi m'mphepete modyeka, pomwe woyendetsa sadziwa ngati ali mumsewu kapena watulukamo kale. Pamsewu wotere mapanga awiri aja anagumukirana n'kukhala limodzi.

Kuvumbwa kwenikweni kumayambira pa manambala. M'mbali mwa tayala la Hilux zambiri mwalembedwa zonga 265/65R17 112T. Nambala yoyamba ndi kufutukuka kwa tayala m'mamilimita, 65 ndi kutalika kwa mbali yake poyerekeza ndi kufutukukako, 17 ndi kukula kwa limu m'mainchesi. T akutanthauza kuti lingapirire liwiro la makilomita 190 pa ola, lomwe kuno amafika ndi okhawo ofuna kukafunsa makolo aja maso ndi maso. Yofunika ndi 112: tayala limodzi linyamule makilogalamu 1,120, osapitirira. Pikiapu ya tani imodzi ndi ya matumba 20 a makilogalamu 50. Kumudzi masamuwa sawadziwa. Pamwamba pa matumba pamakwera njinga, mbuzi, ndi azakhali awiri amene akuti angotsika pafupi pompa, ndipo kulemera konseko kumatsamira matayala awiri akumbuyo. Wonyamula zotere afune tayala lolembedwa LT, lomwe ogulitsa amalitchula ndi mapulayi, 8 kapena 10. Adziwiretu kuti galimoto ikakhala yopanda katundu tayala lotere ndi louma, ndipo apongozi kumpando wakumbuyo adzawerenga bampu iliyonse mokweza. Mpweya woyenera unalembedwa pa kapepala komata pa felemu ya chitseko cha dalaivala, ngakhale mnyamata wopopa pansi pa mtengo wa mango amakhulupirira kwambiri kumenya tayala ndi sipanala n'kumvetsera.

Ma AT ena ali ndi kachizindikiro ka phiri la nsonga zitatu. Wogulitsa wochenjera adzakulozerani n'kunena kuti ili ndi la m'mapiri, bwana, la ku Mulanje. Kachizindikiroko kamanena za chipale chofewa cha kumayiko ozizira. Mukalipira kaamba ka iko, mwagulira galimoto yanu juzi yopitira ku Nsanje.

Ena safuna kusintha mtundu wokha, amafunanso kukula. Achotsa 265/65 n'kuika 285/70 kuti galimoto ioneke yamwamuna. Tayalali ndi lalitali ndi pafupifupi 7 peresenti, choncho pa galimoto yosakwezedwa limatha kukhula pokhota, injini imavutikirako pokwera, ndipo singano ya liwiro imayamba kuchepetsa. Pomwe kale inkaloza makilomita 50 enieni, tsopano galimoto ili pa 53 kapena 54. Wapolisi wa kamera woima pamthunzi pa tiredingi senta amamvetsera nkhani ya matayala atsopanoyi moleza mtima kwambiri, uku akulemba.

Kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa matayala anayi atsopano umachititsa munthu kukhala kaye pansi. Ndiye ambiri amapatukira ku a kaunjika, opakidwa polishi mpaka kunyezimira.

"Ili langoyenda pang'ono kunja, madala. Onani mano ake."

Mano alipodi. Koma funani pomwe palembedwa DOT, muone manambala anayi akumapeto. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. Mukaona 1415, tayalalo linapangidwa sabata ya 14 ya 2015. Mphira amakalamba ngakhale asakuyenda, amauma n'kuchita ming'alu, ndipo a Michelin amalangiza kuti tayala likakwana zaka khumi lipume, mano akhalepo asakhalepo. Dzuwa la October pa msewu wa ku Salima silimva za polishi.

Koma mwini mwambi weniweni, munthu wa mapanga awiri wopanda chomuchotsera, ndi uyu: ndalama zakwana matayala awiri okha. Agula ma AT akuluakulu aja n'kuika kumbuyo, kutsogolo n'kusiya ma HT akale, akuti pang'onopang'ono tidzamaliza. Pangodya yonyowa, kutsogolo kumagwira mwake, kumbuyo mwake. Akalowetsa giya ya mawilo onse anayi, makina amakakamiza kutsogolo ndi kumbuyo kuzungulira mofanana pomwe matayala ndi osiyana msinkhu, ndipo zitsulo zam'kati zimayamba kulimbana. Mkangano umenewu amaweruza ndi makaniko, ndipo chindapusa chake chimaposa matayala awiri otsala aja.

Ndiye pali lachisanu, lomwe palibe amalitchula pa zokambirana zonsezi. Linamangidwa ndi tcheni pansi pa galimoto tsiku lomwe inachoka kufakitale, ndi HT, ndi laling'ono kuposa anzake atsopano, ndipo mpweya linaulawa komaliza kwa mwini wake woyamba. Kachitsulo kolitsitsira nakonso sikali kuseri kwa mpando. Wantchito wa kunyumba anakabwereka chaka chatha kuti atokosere ngalande.