Ulemu Upite kwa Khoma Losamenya

Kuyambira 1993, pomwe Richard Garfield anayambitsa masewero a makhadi a Magic: The Gathering, anthu akhala akutamanda zinjoka zolavula moto ndi ankhondo a malupanga. Zakwana. Lero tiombere m'manja ngwazi yeniyeni, mulu wa makhadi wongodziteteza, uja ukangotulutsidwa patebulo anthu amayamba kuusa moyo.

Taonani khadi la Wall of Stone. Mphamvu zomenyera lili nazo 0, kulimba 8, ndipo malamulo salilola n'komwe kupita kukaputa adani. Limangoti njo pamalo pake, chilombo cha mnzanu n'kumadzigunditsa mpaka kutopa. Msilikali wokonda mtendere chonchi mungamupezenso kuti?

Kumanga mulu wotere kumafuna mtima wa mkulu. Pa makhadi 60, pafupifupi 26 akhale a malo opereka mana (mphamvu yoponyera makhadi), poti ulendo wake ndi wautali. Kenaka ikanimo Counterspell. Mnzanu wadikira nthawi yonseyi, waponya chinjoka chake patebulo monyadira, mano onse pamtunda. Inu mungopendeketsa makhadi awiri a malo otchedwa zilumba, n'kuponya Counterspell, n'kunena mwaulemu kuti, "Pepani achimwene, ayi." Chinjoka chija ulendo wa kumanda chisanaponde n'komwe pansi. Akatumiza gulu lonse la nkhondo, mumtulutsire Fog, khadi la mana imodzi yokha, ndipo palibe angakandike ngakhale pang'ono. Zikafika povuta pali Wrath of God, losesa zamoyo zonse pabwalo, makoma anu omwe. Chilungamo chosaona nkhope ndiye chimenechi.

Nanga kupambana? Musathamange, kuona maso a nkhono n'kudekha. Khadi la Millstone limatapa makhadi awiriawiri pamulu wa mnzanu n'kuwataya kumanda, ndipo lamulo limati amene wasowa khadi lotola pamulu wake wagonja. Munthu amafa ali wathanzi, moyo wake wonse 20 uli chikhalire, osakhetsa dontho la magazi. Brian Weissman, yemwe anatchuka m'zaka za m'ma 1990 ndi mulu wongotchedwa The Deck, ankamalizira ntchito ndi makhadi awiri okha a Serra Angel. Ochuluka mwa otsalawo ntchito yawo inali kukaniza mnzake kusewera.

Pampikisano ndiye pomwe ulemerero wake umaonekera bwino. Gawo lililonse limakhala la mphindi 50, ndipo nthawiyo ikatha ena onse atamaliza kale, holo yonse imabwera kudzazungulira tebulo lanu. Woweruza amayang'ana wotchi, mnzanu wagwira kutsaya, inu mukuwerengabe makhadi ake modekha. Ndi mulu uti wina ungakusonkhanitsireni anthu chonchi?

Anjiru amati mulu umenewu umathetsa chibwenzi. Asiyeni alankhule. Anzanu akaleka kukuitanani kumasewero musadandaule, werengani bwino: mwezi wathunthu watha popanda wokugonjetsani.