Nyimbo ndinali nazo zambiri, risiti ndilibe

Mu foni yangayi munali Lucius Banda yense wathunthu, munali a Black Missionaries ndi zimbale zawo za Kuimba, munali Mlaka Maliro, Joseph Nkasa, makwaya osawerengeka, ngakhalenso nyimbo za ku Mozambique zomwe sindimvapo ndi liwu limodzi lomwe. Anthu onsewa ankapanikizana pa kamemore kadi kamene kakagwa pansi sikapezekanso. Mwa onsewo palibe amene analawako tambala yanga.

Sikuti ndinabadwa chonchi ayi. M'zaka za m'ma 1990 nyimbo tinkagula ndithu. Ukalandira ya kumapeto kwa mwezi ku esiteti ya tiyi, unkakwera basi mpaka ku Limbe kwa O.G. Issa n'kubwerako ndi kaseti yakeyake, ya chithunzi cha woyimba atavala jekete lobwereka. Kaseti inali katundu. Pofuna kusunga mabatire, tinkailowetsa cholembera cha Bic n'kumaizunguza m'mwamba kuti ibwerere poyambira. Wailesi ikaitafuna, tinkaisolola mwaulemu, kudula pophwanyikapo n'kumata ndi kyuteksi ya mlongo wathu, ndipo kuyambira tsiku limenelo woyimba ankadumpha mawu awiri pamalo amenewo mpaka kalekale. Okopa analipo, koma zinkafuna wailesi ya makomo awiri, kaseti yopanda kanthu ndi madzulo athunthu. Kuba inali ntchito yolemetsa, n'chifukwa chake ambiri tinali olungama.

Akuti zinthu zinasokonekera ku America mu 1999, pomwe mnyamata wina wa pasukulu, Shawn Fanning, anapanga Napster kuti anthu azipatsana nyimbo pa intaneti. Gulu loyimba la Metallica linathamangira kukhoti mu 2000, Napster n'kutsekedwa mu 2001. Kenako mu 2003 kampani ya Apple inatsegula sitolo ya iTunes n'kumagulitsa nyimbo imodziimodzi pa masenti 99, poganiza kuti mtengo ukatsika munthu amachita manyazi kuba. Amene anaganiza zimenezi sanafikepo kuno kwa Mishoni.

Kwathu kuno Napster inabwera wapansi. Ndi mnyamata wa kompyuta uja, amene mumupeza pa Chitakale, ku Limbuli, ku Luchenza ndi pamsika uliwonse wodzilemekeza. Kashopu kake ndi ka matabwa, sipika ili pakhomo ikuliza mpaka mano kunjenjemera, mafoni a anthu ali mbwee pa tebulo kutchajidwa, kiyibodi inafufutika zilembo koma iye amaidziwa pamtima. Wanga ndikafika amandilandira ndi manja awiri.

"Madala, tikuikireni za chani lero?"

"Za Mulungu, mphwanga."

"Zokhazokha?"

"Pansi pakepo uikeko za Nkasa. Koma fodayo ulembe kuti Kwaya 2."

Pa mtengo wa mandasi angapo amandidzazira kadi yonse. Nyimbo zina dzina lake ndi Track 01, zina pakatikati pamatulukira munthu wosadziwika kukuwa dzina lake ndi la shopu yake, ina inalembedwa kuti ndi ya Billy Kaunda koma woyimbamo ndi mayi. Sindidandaula. Ndikamatuluka ndimauza aliyense kuti ndachokera kogula nyimbo, ndipo si bodza, ndalama ndapereka. Kungoti yapita kwa munthu amene sanayimbepo ngakhale m'bafa.

Chonsecho Lamulungu lililonse ndimakhala kutsogolo m'tchalitchi, ndipo abusa akafika pa lamulo lachisanu ndi chitatu ndimagwedeza mutu mwamphamvu ndithu, maso ali kwa mnansi wanga amene ndimamukayikira pa nkhani ya nanazi. Munthu akathyola nanazi mmodzi m'munda mwanga, mudzi wonse sugona, nkhani imakafika kwa amfumu. Mayi a kunyumba atandikumbutsa kuti woyimba nayenso nyimbo ndiye munda wake, ndinawayankha mwanzeru kuti nanazi akabedwa m'munda mumatsala dzenje, pomwe nyimbo ndikaitenga mwiniwake amakhala akadali nayo. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa ngati nzeru zimenezi zingagule sopo kunyumba kwa woyimbayo. Ndinapita kukaona mbuzi.

Pali malo amodzi okha pamene ife timagula nyimbo mosanyinyirika, ndiwo pa mwambo wokhazikitsa chimbale. Kwaya ina ya kuno itajambulitsa nyimbo zake, anatiitana tonse. Wotsogolera mwambo ananyamula CD yoyamba m'mwamba n'kuyamba kuitanira mtengo, mayina a opereka akutchulidwa pa maikolofoni, amayi a Mvano akululutira. Dzina langa litamveka, dzanja linalowa lokha m'thumba n'kutulutsa ya fetereza. Ndinavina kupita kutsogolo, ndinajambulidwa, ndinabwerera kunyumba ndi CD yanga m'manja. Choimbira CD kunyumba kulibe, chinafa kalekale. CD-yo ili pakhoma pafupi ndi kalendala, ikadali m'pepala lake. Nyimbozo ndinazimvera usiku womwewo pa WhatsApp, ndipo poti ndine munthu wokonda ntchito ya Ambuye, ndinazitumiza ku magulu onse amene ndilimo. Oyimba kwayawo mpaka lero akudabwa kuti aliyense akuziyimba koma makatoni a CD sakutha.

Mwana wanga wa ku Blantyre amati ndisinthe. Akuti Spotify inafika m'Malawi mu 2021, akutinso pali masamba a pa intaneti a konkuno kumene ungagule nyimbo ndi Airtel Money kapena Mpamba, woyimba n'kulandirako kangachepe. Ndinayesa. Bando inatha nyimbo yachitatu isanafike pa kolasi, ndipo ndinazindikira kuti m'dziko muno wolemera ndi nyimbo ndi wogulitsa bando.

Chimene chinandikhazika mtima pansi ndi lamulo la zokopera la 2016. Linabweretsa msonkho pa zipangizo zosungiramo nyimbo zikamalowa m'dziko, ndipo bungwe la COSOMA limagawa ndalamazo kwa oyimba ndi aluso ena. Nditamva zimenezi ndinayenda chodzikweza sabata yonse. Ndiye kuti pa kamemore kadi kangaka, penapake, Nkasa anadyapo kanthu. Kaya ndi mchere wa tsiku limodzi, koma anadya.

Tsono sabata yathayi foni inandiuza kuti kadi yawonongeka. Mnyamata wa kompyuta akuti ndi vayirasi, ndipo akukana kuti inachokera kwa iye. Chuma chonse chapita, mpaka Kwaya 2. Ndinafuna kukadandaula kupolisi, koma mayi a kunyumba anandifunsa kuti ndikanena kuti katunduyo ndinamupeza bwanji.

Choncho abale, amene muli ndi za Lucius Banda zakale zija, za nthawi ya makaseti, mundipeza pabenchi yakutsogolo Lamulungu likudzali. Mubwere mutayatsiratu Bluetooth, koma tidikire abusa atuluke kaye.