Tsiku limene Chingerezi chidandidyera lendi

Pali mawu ena a Chingerezi amene boma likadawalembera chenjezo ngati lija la pa paketi ya fodya. Loyamba pa mndandandawo likadakhala insist. Ine liwu limeneli lidandidyera lendi ya mwezi wathunthu, masanasana, ndili maso, ndikumwetulira, nditavala jekete yobwereka.

Ndidakumana nalo koyamba ku sekondale, m'dikishonale ija ya Oxford Advanced Learner's. Pasukulu pathu idalipo imodzi yokha, yopanda chikuto, ndipo masamba akumapeto adali atapita kale kukakulunga mandasi, koma chilembo cha I chidapulumuka. Aphunzitsi athu a Chingerezi, bambo oyenda ndi choko m'thumba la malaya, ankamenya thebulo n'kumati insist amayenda ndi on, osati to. Ukalemba he insisted to pay, walakwa. Cholondola ndi he insisted on paying. Ankatikumbutsanso kuti ukalephera Chingerezi pa MSCE, ngakhale ukhoze masamu ngati makina, satifiketi uyiiwale. Choncho on ameneyu ndidamuloweza kuposa tsiku langa lobadwa. Chimene sadatiuze n'chakuti chiganizo chachitsanzocho chimakamba za kulipira, ndipo tsiku lina he ameneyo adzakhala ine.

Tanthauzo lake si lachilendo kwa ife. Ndi kuumirira, kukakamira, kulimbikira chinthu osafuna kumva ayi. Lili ndi nkhope ziwiri. Ina ndi yokakamira kuti chinthu chichitike basi, monga kondakitala akamati musunthe pampando wodzadza kale. Ina ndi yolimbikira kuti zimene ukunena n'zoona pomwe aliyense akukayika, monga wakuba nkhuku amene akulumbira pali malemu agogo ake, nthenga zili m'tsitsi. Angerezi nawo adachita kubwereka ku Chilatini chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500, kuchokera ku insistere, kutanthauza kuima pa chinthu. Ndiye kuti woumirira ndi munthu amene waponda penapake ndipo sakusuntha. Abale ake ndi assist, kuima pambali pa mnzako kuti umuthandize, ndi resist, kuima momutsekereza. Ana a ku Kamuzu Academy, sukulu ija Dr. Banda adatsegula ku Mtunthama m'chaka cha 1981 n'kuumirira kuti kuziphunzitsidwa Chilatini ndi Chigiriki, zimenezi amazidziwa akadali m'makabudula. Ife a sukulu yoyendera tidazidziwira kuukulu, titalipira kale.

Nkhani yake idayenda chonchi. Alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, amakhala ku Manchester. Atabwera kutchuthi adati tikadye kunja, mabanja onse awiri, pamalo ena mumzinda wa Blantyre pamene supuni zimabwera zitavala kansalu. Ine ndidanyamula ndalama ya lendi m'thumba lam'kati. Sindidanyamulire kudyera, ayi. Ndimangofuna kuti thumba lioneke lotupa, poti mwamuna wopanda kanthu m'thumba amayenda mopendekeka ndipo akuchikazi amazindikira.

Tidadya chambo. Ana a alamu adaitanitsa zinthu zimene ine sindingathe kuzitchula, n'kuzisiya theka. Ine ndidatafuna mpaka mutu wa nsomba, mtima uli m'malo, podziwa kuti woitana ndiye mwini bilu.

Tsono kwathu kuno kukana ndi kuumirira ndi gule amene aliyense amadziwa mapondedwe ake. Mlendo akakupeza pa nsima umati, “Tiyeni kuno.” Iye amati, “Ayi zikomo, ndadya kale,” ngakhale m'mimba mukulira ngati chigayo cha dizilo. Umaumiriranso, iye amakananso. Kachitatu m'pamene amati, “Chabwino, ndingolawako,” n'kusamba m'manja mpaka m'zigongono. Pa kulipira guleyo ndi yemweyo. Bilu ikafika amuna onse amagwira m'matumba, wosauka ndiye amagwira mwaphokoso kuposa onse, kenaka wolemera amalipira, aliyense n'kupita kwawo ulemu wake uli wathunthu. Palibe amene amavulala. Makolo adakonza bwino zimenezi.

Bilu idafika m'kabuku kachikopa. Alamu adatulutsa khadi ya kubanki. Ine ndidaponda sitepe yoyamba bwinobwino: “Ayi alamu, inu ndinu alendo, siyirani ife.” Iwo adayankha monga mwa mwambo: “Musavutike alamu, ndakuitanani ndine.” Mpaka apa ng'oma imalira bwino. Kudangotsala kuti ndinene kamodzinso, mofooka pang'ono, iwo akanenso, ine ndiusire moyo ngati munthu wogonja monyinyirika.

Koma satana wa Chingerezi adandilowa. Ndidaona akazi awo a alamu akundiyang'ana, ndidaona woperekera zakudya ataima chilili, ndipo ndidati anthu awa adziwe kuti nanenso Fomu 4 ndidaikhalako. Ndidasanjika dzanja pa kabuku kaja, n'kukweza chibwano, n'kunena mokweza kuti a thebulo loyandikana amve: “No, alamu. I insist.”

Alamu adandiyang'ana, adamwetulira, adabweza khadi m'chikwama. “Well, if you insist.”

Abale anga, kachikwama kachikopa kakamatsekedwa sikamveka phokoso, koma ine ndidakamva ngati chitseko cha ndende. Kumene alamu akhala zaka zonsezi, munthu akati I insist ndiye kuti nkhani yatha, wapereka ndi mtima wonse, ndipo kulimbana nayenso kuli ngati kumunyoza. Ine ndidaponya liwulo poyesa kuti ndi sitepe yachiwiri ya gule, osadziwa kuti ndi mluzu wothetsa masewero. Ndipo if you insist ameneyu, amene amamveka ngati ulemu, akuluakulu athu adamumasulira kalekale: mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere yekha.

Ndidatsegula kabuku. K87,500. Lendi yanga ndi K90,000. Ndidawerenga mapepala 18 a K5,000, limodzilimodzi, pang'onopang'ono ngati ndikuwerenga mayina a omwalira, ndikudikira kuti mwina pa pepala lachisanu alamu ati, “Basi alamu, timaseka.” Iwo amafufuza chotokosera m'mano. Chenji chitabwera, K2,500, ndidatambasula dzanja, koma alamu adati kwawoko zotsala zotere amasiyira woperekera zakudya. Mnyamatayo adandiweramira n'kunditcha bwana. Ndi ubwana wodula kuposa wonse umene ndidaugulapo.

Kunyumba ndidagwiritsa ntchito nkhope yachiwiri ija ya liwuli. Ndidalimbikira kuti ndidachita dala, kuti ulemu wa banja sugulidwa pamsika, kuti alamu akakafika ku Manchester akasimba za ine. Mayi a kunyumba adandimvetsera mpaka ndidatha mpweya, kenaka adafunsa modekha: “Abambo, kodi Chichewa chidakulakwirani chiyani? Mukadati ‘iyayi alamu’ bwenzi tili ndi nyumba.” Mwana wathu wa Fomu 3, amene palibe adamufunsa, adatulukira ndi buku n'kutiuza kuti m'Chingerezi chapamwamba amati she insisted that he pay, popanda s kumapeto kwa pay. Ndidamuuza kuti Angerezi ali ndi mwayi ngati chimene chimawachokera pa liwuli ndi s yekha.

Ndidayesa ku banki m'khonde ya amayi a m'dera lathu kudzera mwa mayi a kunyumba. Adati ngongole yogulira Chingerezi sapereka. Wakatapila adandiuza chiwongoladzanja chake, ndidamuthokoza n'kubwerera chammbuyo.

Pa 1 mwezi wotsatira, tambala asadatsike mumtengo, kudamveka odi. Adali eni nyumba, bambo achikulire amene sukulu adalekezera Sitandade 4 ndipo ku Mtunthama sadapondeko. Ndidawafotokozera za alendo, za chambo, za kusiyana kwa miyambo ya mayiko. Sadayankhe. Adangoponda pakhonde, miyendo yonse iwiri, ndodo patsogolo, n'kuima. Ndidawapatsa mpando, adakana. Ndidawapatsanso kachiwiri, adakana. Kachitatu, poti gule ndimamudziwa, ndidabwera ndi mpando ndi tiyi yemwe. Tiyi adamwa, choimirira.