Chizungu chodyera nsima ku Joni

Randburg, Johannesburg

Wokondedwa mphwanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mayi ako ndi agogo. Kuno tili moyo, kungoti chisanu cha mu June chatiumitsa zala. M'mawa kapinga amayera ngati wina wawazapo ufa, koma paipi yothirira maluwa uigwirebe basi.

Achemwali andiuza pa WhatsApp kuti wayamba kujomba phunziro la Chingerezi, ati ukangolemba Fomu 4 ukwera basi pa Wenela, Chizungucho udzachitola pamsewu. Mwana iwe, pamsewu wa Joni amatolapo Chizulu, Chisutu ndi mbama. Dziko lino lili ndi zilankhulo zaboma 12, kuwerengera ndi chamanja chimene anawonjezera mu 2023, koma Chichewa mulibe. Agogo ako aamuna ankadyera Fanakalo kumigodi, chilankhulo chongolamulirana kuti nyamula, kumba, fulumira. Ife ntchito zathu zili m'maluwa, m'khitchini ndi pageti, ndipo kumeneko galamala imatha kukuchotsa ntchito dzuwa likuswa mtengo. Usaiwalenso kuti satifiketi ya MSCE sapereka kwa wolephera Chingerezi.

Yamba ndi alowam'malo. Ife timangoti "iye", kaya ndi bambo kaya ndi mayi, nkhani yatha. Azungu mwamuna amati "he", mkazi "she". Mnzanga wina wa ku Mangochi, amene timalipira limodzi lendi, anaimbiridwa foni ndi madamu ake ali ku Durban, kufunsa ngati kunyumba kwabwera alendo. Kunabweradi mchimwene wa abwana, chimunthu chandevu mpaka pachifuwa. Mnzangayo, ndi ulemu wonse, anati: "Yes madam, she came yesterday and she slept here." Madamu anakwera ndege tsiku lomwelo. Banja linapulumuka chifukwa ndevuzo anazipeza zikadali pakhonde zikumwa tiyi.

Koma msampha woopsa kwambiri ndi funso lokana. Kwathu wina akati "Sunatenge ndalamazo?" munthu wosalakwa amayankha "Inde", kuvomerezana ndi wofunsayo kuti sanatengedi. Ukakachita zomwezo kuno, madamu akuti "You didn't take the money?" iwe n'kuti "Yes", dziwa kuti wadzimanga wekha, ndipo apolisi akuno akafika funso lawo loyamba ndi la pasipoti. Chingerezi sichiyankha munthu, chimayankha zimene zachitika. Ngati sunatenge ndi "No, I didn't." Ngati unatenga ndi "Yes, I did", ndipo usadzauze aliyense kuti ndine malume ako. Kamchira kakumapetoko usamakasiye, ndi kamene kamapulumutsa.

Nthawi za aneni uziphunzire ndi mtima wonse, pakuti malipiro ako ali mmenemo. "I paid you" ndiye kuti ndalama zili kale m'thumba mwako, ngati mulibe funsa msanga. "I will pay you" ndi lonjezo, ungathe kukongola matemba. Koma ukadzamva "I would pay you if", usadikire n'komwe kuti chiganizocho chithe, yamba kufunsira ntchito kwina. Zochitika kale amangophatikiza "ed" kumapeto, "work" n'kukhala "worked". Ndiye pali aneni ena osamva malamulo: "go" amasanduka "went", "buy" amasanduka "bought". Chifukwa chake usafunse, nawonso abwana sachidziwa. Ingoloweza. Palinso ka "s" kamene sikandigonetsa tulo: pa dzina kamatanthauza zambiri, "dogs", koma pa mneni kamapita kwa munthu mmodzi, "he works", gulu n'kulimana, "they work".

Usachite nazo mantha. Iwe amene umati mwana wanga, chingwe changa, nyumba yanga, dengu langa osaphonya ngakhale uli m'tulo, ungagwe ndi "a" ndi "the"? Mzungu mumpatse zathuzi, alira.

Chimene sindinachizolowere ndi "you". Gogo wa imvi mbuu ndi "you", galu wake "you", abusa "you". Masiku oyamba ndinkachita kupinda maondo pomutchula kuti mwina ulemu ungaonekere m'miyendo. Ulemu wawo sanautaye ayi, anangousamutsa. Zimene ife timachita ndi "ndipatseniko", iwo amachita ndi "please", "could you" ndi "may I". Ukangoti "Give me water" akuyang'ana ngati wabwera ndi mfuti.

Ukamaliza za m'buku, kuno kukudikira Chizungu china. "Just now" aphunzitsi ako akuuza kuti ndi posachedwa. Kuno akakuuza choncho khala pansi, mwina uphikiretu nsima. "Now now" ndiye wafupikirako, koma usavalire nsapato. Magetsi a pamphambano amati "robot", ndipo mu takisi ukafuna kutsika umakuwa "after robot" kapena "short left". Ukachita manyazi akakutsitsa kusiteji ya Bree, ulipirenso ina yobwerera.

Ndatumiza pa Mukuru ndalama ya fizi ndi ya dikishonale. Dikishonaleyo ikhale ya mapepala, isasanduke mayunitsi. Pondiyankha ulembe ziganizo zisanu za Chingerezi, zonse za nthawi yapitayi, zofotokoza mmene inayendera ndalama ya mbuzi imene ndinatumiza pa Khirisimasi. Ndikufuna kuwerenga "we bought". Ndikapezamo "will", ndiimbira agogo.

Upereke moni kwa onse, ndipo uuze atsibweni a kutsidya kuti njinga yawo ndidzabwera nayo "just now".

Ndine malume ako,
wa ku Joni