Chitamando cha Dazi, Mlosi Wosanama

Mwa zinthu zonse zimene mwana wa munthu amalakalaka kuzidziwiratu zisanamugwere, monga tsiku limene mvula yodzalira idzagwe, mtengo umene fodya adzagulidwe nawo ku okushoni, kapena ngati awo tinawasankha adzakumbukira njira ya kumudzi kwathu, palibe ndi chimodzi chomwe chimene oombeza ula ndi anzeru a m'masukulu akuluakulu anganene motsimikiza osachita manyazi m'mawa mwake. Koma chilipo chinthu china, chonyozeka pamaso pa anyamata ndi chosekedwa ndi ana m'makwalala, chimene chimalengeza kudza kwake kukali zaka, chimayenda m'njira yomweyo imene chinalonjeza, ndipo sichiitanitsa chipondamthengo kwa munthu aliyense. Chinthucho ndi dazi. Ndipo popeza mneneri woona salemekezeka kwawo, ndipo kwawo kwa dazi ndi pamitu pathu pomwepa, ndayesa n'koyenera kuti wina aimirire pabwalo, awombe m'manja, ndi kulinenera mawu okoma.

Sindine woyamba kuima pa mlandu uwu. Cha m'ma 400, Synesius, munthu wophunzira wa ku Cyrene m'dziko limene lero tilitcha Libya, kwawo kwa Simoni wosenza mtanda uja, atawerenga zimene Dio Chrysostom analemba potamanda tsitsi, iye mwini mutu uli see, anagwira cholembera nalemba buku lotamanda dazi. Ndipo zisanapite zaka zambiri anamudzoza ubishopu, osafunsa kumene tsitsi lake linapita. Kale koposa apo, chilamulo cha Mose, chimene chimasanthula khungu la munthu osaphonya ngakhale kachipsera, chikafika pa mwamuna amene tsitsi lake lathothoka, kaya pamphumi kaya paliwombo, chimamutcha woyera ndi kumulola akhale pakati pa anthu. Anyamata a ku Beteli amene anatsata mneneri Elisa akumunyodola chifukwa cha dazi lake, 42 a iwo anakomana ndi zimbalangondo ziwiri zazikazi. Koma taonani eni tsitsi: Abisalomu, amene ankayesa tsitsi lake pa sikelo chaka ndi chaka likulemera masekeli 200, anakodwa mutu m'nthambi za thundu, nyulu yake n'kumapita osamudikira, ndipo Samisoni, amene anasungitsa mphamvu zake zonse m'tsitsi, anazitaya usiku umodzi pa miyendo ya Delila. Wadazi sanapachikikepo mumtengo ndi tsitsi, ndipo lumo silinamuperekepo kwa adani.

Ukoma woyamba wa dazi ndi dongosolo. Matenda ambiri amalowa m'thupi mwachiwembu, osati odi, osanena kumene adzatsirizire. Koma dazi limayenda poyera masana, ndipo mapazi ake ndi olongosoka kotero kuti anthu awiri a ku America anatha kuwajambula papepala. Woyamba ndi James Hamilton, katswiri wa kapangidwe ka thupi, amene mu 1951 anasanja mitu ya amuna m'magulu monga mwa kukula kwa dazi lawo. Wachiwiri ndi dokotala O'Tar Norwood, amene mu 1975, atapenda mitu ya amuna 1,000, anakonzanso masanjidwewo nakhazikitsa makwerero 7 amene madokotala akuyendera kufikira lero.

Amene anaonapo mlimi waluso akuswa mphanje adzawamvetsa makwererowa popanda wowamasulira. Pa khwerero loyamba thengo likali lathunthu. Pa lachiwiri mlimi wadula timitengo pa ngodya ziwiri za mphumi, pang'ono pokha, kotero kuti mwini mutu angathe kulumbira kuti anabadwa chomwecho. Pa lachitatu ngodya zija zalowa m'kati, ndipo apa ndipo madokotala amayamba kulitchula dazi ndi dzina lake. Nthawi zina mlimi amatsegulanso kabwalo kena paliwombo, pamalo pamene mwini sangaone ndi kalilole mmodzi, koma pamene mpingo wonse wokhala kumbuyo kwake m'tchalitchi umawerenga bwino lomwe Lamulungu lililonse. Pa lachinayi munda wa kumphumi ndi munda wa paliwombo yonse yakula, koma pakati pake patsala mzere wa mitengo wodutsa kuchokera khutu ili kukafika khutu linalo. Pa lachisanu mzerewo wayamba kuonekera kuseri. Pa lachisanu ndi chimodzi wagwa, minda iwiri yasanduka umodzi. Ndipo pa lachisanu ndi chiwiri mlimi waika nkhwangwa pansi, atasiya mpanda wokha wozungulira pamwamba pa makutu ndi kunkhongo. Alipo amuna owerengeka amene mlimi wawo amangoyambira kumphumi nalima cham'mbuyo osatsegula kabwalo ka paliwombo, koma ngakhale awa Norwood anawalembera gulu lawo. Ndiuzeni, eni mudzi, ndi tsoka liti lina limene limapereka mapu a ulendo wake kwa munthu amene likumudzera?

Ukoma wachiwiri ndi kudekha. Dazi silithamanga, pakuti lidziwa kuti lidzafika. Pakati pa azungu, amene mitu yawo yawerengedwa koposa ya mitundu ina, amuna pafupifupi 3 mwa 10 alionse amakhala atalilandira pofika zaka 30, theka pofika zaka 50, ndipo pafupifupi 8 mwa 10 pofika zaka 70. Pakati pa ife a mu Africa ndi anthu a kum'mawa kwa Asia limadza mochedwerapo ndi kwa anthu ochepako, koma njira yake ndi yomweyo. Ndipo monga akulu ananena kuti m'mera mpoyamba, amene dazi lamulonjera asanakwanitse zaka 25 ayembekezere kuti lidzapita naye kutali, pamene amene wafika zaka 40 mphumi yake ikali pamalo pake angathe kugona tulo, pakuti likadza lidzadza mwaulemu wa nkhalamba. Chinsinsi chimodzi chokha ndicho lasunga mumtima mwake: limaulula njira, koma siliulula tsiku, kapena khwerero limene lidzaimire. Wina limamusiya pa lachitatu zaka makumi awiri, wina limamukweza makwerero anayi asanakwatire, ndipo ochepa okha ndiwo amafika pa lachisanu ndi chiwiri. Potero limaphunzitsa munthu zinthu ziwiri zimene alaliki amatha nazo mawu, ndizo kudziwa mathero ako ndi kusadziwa ora lake.

Ukoma wachitatu, umene uyenera kukondweretsa mtima wa Mchewa aliyense, ndi wakuti dazi limalemekeza mbumba. Anzeru apeza kuti mwa timbewu ta chibadwa timene timaitana dazi, kamodzi kamphamvu koposa kamakhala pa kromozomu yotchedwa X, imene mwana wamwamuna amalandira kwa amayi ake okha. Chifukwa chake mnyamata wofuna kuombeza za mutu wake asataye nkhuku kwa sing'anga, koma apite kwa agogo ake aamuna obala amayi ake, kenaka kwa atsibweni ake, agwade, apereke moni, ndipo pamene iwo avula chipewa kuti apukute thukuta, iye akweze maso mwakachetechete. Makolo athu amene anati mwana ndi wa kuchikazi sanaone kromozomu, koma sanaphonye kwambiri. Komabe, kuti abale athu Angoni ndi Atumbuka, amene amapereka ng'ombe za malowolo, asadandaule kuti alandidwa ana, dazi limagawa cholowa mwachilungamo: mu 2017 ofufuza a pa yunivesite ya Edinburgh, atapenda chibadwa cha amuna oposa 52,000 a ku Britain, anapeza malo 287 okhudzana ndi dazi, ndipo ochuluka a malowo ali pa makromozomu amene timalandira kwa makolo onse awiri. Mutu wa atate nawonso ndi mboni. Ofufuzawo anatha kuloza magulu a amuna amene dazi liwakonda kwambiri, koma sanathe kuuza munthu mmodzi payekha tsiku lake. Chinsinsi chija dazi silinawapatse.

Ndiyeneranso kunena za kufatsa kwa dzanja lake. Pamutu pa munthu pali tsitsi pafupifupi 100,000, lililonse m'kathumba kake ka m'khungu, ndipo limakula ngati sentimita imodzi pamwezi kwa zaka 2 kufikira 6, kenaka limapuma, kugwa, ndi kusiyira malo linzake. Kotero kuti tsitsi 50 kapena 100 lotsalira m'chipeso patsiku si mlandu. Dazi silizula kanthu mwankhanza. Thupi la mwamuna limasandutsa gawo la homoni yake yachimuna, testosterone, kukhala ina yotchedwa DHT, ndipo iyi ikafika pa timathumba timene chibadwa chinatilembera, timayamba kufota. Tsitsi lililonse lophuka limakhala lopyapyala, lalifupi ndi lotuwa kuposa limene linalitsogolera, kufikira patatsala kaubweya kosaoneka ndi maso. Palibe ululu, palibe magazi, palibe malungo. Hippocrates, tate wa asing'anga a Chigiriki, anaona kalekale kuti amuna ofulidwa sachita dazi, ndipo Hamilton yemwe uja anatsimikiza mu 1942 kuti amene anafulidwa asanathe msinkhu tsitsi lawo silichoka, koma akapatsidwa testosterone, a m'mabanja a dazi amayamba kulilandira. Motero mankhwala osalephera otchinga dazi akhala odziwika zaka zoposa 2,000. Koma chiyambire sindinamvepo za mwamuna amene anakagogoda kuchipatala kukawapempha, ndipo pamenepa dziko lonse lavomereza, ngakhale monyinyirika, kuti dazi ndi mtengo wotsika.

Sanasowe olimbana nalo. Julius Caesar, amene anagonjetsa mitundu ya anthu, ankapesera kutsogolo tsitsi lotsala la paliwombo kuti abise pamene pagonja, ndipo wolemba mbiri Suetonius akusimba kuti mwa maulemu onse amene Aroma anamupatsa, umene anaukonda koposa unali chilolezo chovala nkhata ya masamba pamutu nthawi zonse. M'masiku athu ano mankhwala awiri atchuka. Minoxidil anayamba ngati mapiritsi a kuthamanga kwa magazi, odwala n'kumadabwa akumera ubweya, ndipo mu 1988 dziko la America linamuvomereza kukhala wopaka pamutu. Finasteride, amene amachepetsa DHT, anavomerezedwa pa ntchito yomweyi mu 1997, ngakhale kwa amuna ena amafooketsa chilakolako cha m'nyumba. Onse awiri amachedwetsadi dazi, ndipo ena amawabwezera tsitsi pang'ono. Koma tsiku limene munthu aleka kugula, dazi, limene nthawi yonseyo linali chikhalire pakhonde osakwiya, limadzuka ndi kutenga m'miyezi yowerengeka zonse zimene linasungitsa. Eni chuma amakwera ndege kunka ku Istanbul kukawokeretsa tsitsi. Koma mbande zake madokotala amazitenga kuti? Amazitenga kunkhongo ndi m'mbali, pamalo paja dazi linalumbira kuti silidzakhudza, pakuti Norman Orentreich wa ku New York anasonyeza mu 1959 kuti tsitsi la kumeneko limasunga khalidwe lake ngakhale litasamutsidwa. Ngakhale adani ake amadyera kukhulupirika kwake.

Pali chitamando chimodzi chimene ndikukana m'dzina la dazi, ndipo pano sindikuseka. Timamva anthu akunena kuti dazi ndi chizindikiro cha chuma, ndipo mawuwa amakoma m'makutu a wadazi wosauka. Koma mu 2017, m'boma la Milange ku Mozambique, kutsidya kwa malire athu a ku Muloza, amuna adazi anaphedwa ndi anthu okhulupirira kuti m'mutu mwa wadazi muli golide, kufikira apolisi a dzikolo anachenjeza amuna adazi poyera. M'mutu mwa wadazi muli fupa, magazi ndi ubongo, monga m'mutu mwa munthu aliyense, ndipo wonena zina ndi wabodza ndi wakupha. Mlosi woona safuna kukometseredwa ndi bodza.

Tsono iwe mnyamata amene ukuseka atsibweni ako lero, kumbukira kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Usaimbe mlandu chipewa, sopo kapena makina a wometa, pakuti zonsezi n'zosalakwa. Dzijambulitse pamphumi ndi paliwombo kamodzi pachaka, ulinganize zithunzizo, ndipo udzadziwa liwiro la ulendo wako koposa mlosi aliyense. Ukaona tsitsi likuchoka mwadzidzidzi m'timabwalo tozungulira apa ndi apo, kapena pamodzi ndi kuyabwa ndi zilonda, thamangira kuchipatala, pakuti ameneyo si dazi loona koma wonyenga wovala dzina lake; dazi loona silichita zinthu mwachisokonezo. Ndipo likafika lenilenilo, ulilandire ndi manja awiri, uligulire chipewa cha dzuwa la mwezi wa October, pakuti khungu losatchingidwa limapsa, ndipo umete zotsalazo mwaulemu m'malo mokoka titsitsi titatu kuchokera khutu lina kukafikitsa ku linzake, zimene sizinanyengepo munthu chiyambire masiku a Caesar.

Latsala dandaulo limodzi, limene ndikulitula pamaso pa mafumu ndi nduna zawo m'malo mwa adazi onse a dziko lino. Wogulitsa nsalu amayesa ndi mkono, wogulitsa chimanga amayesa ndi ndowa, wolima ganyu amawerenga mizere. Koma wometa yekha ndiye amalipiritsa mtengo umodzi kwa mnyamata wa khwerero loyamba ndi kwa mkulu wa khwerero lachisanu ndi chiwiri, chikhalirecho ntchito ya pamutu wachiwiriwu inagwiridwa kale ndi wina, mwaulere, kwa zaka makumi atatu. Popeza Norwood anatisiyira muyeso wolungama, ndikupempha kuti chithunzi cha makwerero ake chipachikidwe m'nyumba iliyonse yometera kuyambira ku Nsanje kufikira ku Chitipa, pambali pake palembedwe mitengo isanu ndi iwiri, ndipo wa khwerero lotsiriza alipire moni wokha.