Ulemerero wa Liuma

Mwa zonse zimene boma la Nkhata Bay limatulutsa, kuyambira chinangwa chimene amayi a ku Mwaya amavika m'madzi kuti apeze ufa wa kondowole mpaka usipa wouma pathandala, palibe chimene chidafika kutali kuposa liuma, lomwe ndi khalidwe lokana kumvera akuluakulu ngakhale chikwapu chitakwezedwa kale. Aphunzitsi amalikwapula, abusa amalitcha tchimo, komatu maboma, amene amadziwa mtengo wa zinthu, sadalephere kulilipira mowolowa manja.

Umboni woyamba ndi Elliot Kamwana, amene adachoka kusukulu ya mishoni ya Livingstonia mu 1901 pokana fizi. Atabwerako ku South Africa mu 1908 ndi chiphunzitso cha Watch Tower, adabatiza anthu pafupifupi 10,000 m'miyezi yowerengeka, osawadikiritsa zaka m'kalasi monga ankachitira amishoni, ndipo adalalikira kuti mu 1914 msonkho udzatha. Msonkhowo ulipobe mpaka lero, koma chimenecho ndi chilema chaching'ono, pakuti boma la atsamunda lidamupatsa ulendo waulere wapanyanja wopita ku Mauritius ndi ku Seychelles, ndi kumusunga kumeneko mpaka 1937, pamene anzake omvera, odziwa katekisimu pamtima, ankayendera malo a azungu oterowo pamapu okha.

Clements Kadalie wa ku Chifira, kufupi ndi Bandawe, akadatha kukalamba mwaulemu ali mphunzitsi, koma liuma lidamufikitsa ku Cape Town, kumene mu 1919 adayambitsa ICU, bungwe la anthu apantchito limene pofika 1927 linali ndi mamembala pafupifupi 100,000.

Otsutsa amanena kuti aliuma ambiri sabala kanthu kupatula milandu ya malire a minda pabwalo la mfumu, ndipo sakunama. Amangoiwala kuti popanda iwo mafumuwo akadasowa nkhuku za chindapusa.

Mphotho yaikulu idagwera Orton Chirwa, loya amene adayambitsa Malawi Congress Party mu 1959, nasemphana ndi Kamuzu Banda mu 1964. Atagwidwa mu 1981, boma lidamupatsa pogona ndi alonda usana ndi usiku mpaka adamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992, kenaka, atatsimikiza kuti sadzayankhanso, akuluakulu adatcha dzina lake msewu wa mumzinda wa Mzuzu.