Ulemu kwa Tambala wa Aneba

Mwa onse amene ndagwirapo nawo ntchito, palibe wokhulupirika ngati tambala wofiira wa aneba anga ku Chilobwe. Dzina lake silinalembedwe m'buku la malipiro ndipo sanapemphepo alawansi, koma ofesi yathu itasamukira pathebulo lodyera, iye ndiye anaisenza.

Tinadziwana bwino mu 2020. Pa 2 April boma litalengeza kuti Covid-19 yapezeka m'dziko muno, abwana anatiuza kuti titenge malaputopu tizikagwirira kunyumba. Tinavina. Tinati zatha zolawirira kusiteji, zopanikizana anayianayi pampando wa minibasi, zokanganirana chenji ndi kondakitala. Tinaiwala kuti walira mvula walira matope. Matope anga anali ndi lipombo lofiira, ndipo ankaima pampanda, pafupi penipeni ndi zenera langa.

Ndiyambe ndi kusunga nthawi. Kuofesi kunali buku losainira, ndipo ambirife tinkalemba 7:30 wotchi ikunena zina. Tambalayu bodza lotere sankalidziwa. Ankayamba ntchito kusanache n'kupitiriza tsiku lonse, ngakhale kunja kutacha kalekale, pofuna kuti pasapezeke wonena kuti sanamve. Sankadalira mayunitsi kapena bandulo. Mu January 2022 namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi ku Kapichira, laputopu inkazima, foni inkazima, intaneti inkathawa, koma iye ankalirabe ngati kuti mtsinje wa Shire uli pakhosi pake.

Luso lake lalikulu linkaoneka pamisonkhano ya pa Zoom. Ife anthu theka la ola linkathera pa "Mukundimva?" ndi "Bwana, mwazimitsa maiki." Iye ankamveka mosafunsa. Tsiku lina abwana akufotokoza chifukwa chimene malipiro sakwerera chaka chimenecho, atangofika pa mawu akuti "tonse tiyenera kupirira", pampanda panamveka kokoliliko wamphamvu. Anthu khumi ndi awiri tinali titakhala chete. Mmodzi yekha ndiye anayankha. Akuluakulu amati atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo tsiku limenelo amene anasiya kulira anali wovala tayi.

Iye ndiyenso anatiphunzitsa kuti tonse ndife anthu. Poyamba ndinkachita manyazi, n'kumathamangira kuzimitsa maiki. Koma iye atatsegula njira, makomo a anzanga nawo anayamba kulankhula. Kwa akauntanti kunkamveka wogulitsa bonya. Kwa amayi a za olembedwa ntchito mwana ankalirira phala. Kwa abwana enieni, amene kuofesi tinkagogoda kawiri tisanalowe, tinamva mawu ochokera kukhitchini akufunsa ngati ndalama ya makala yasiyidwa. Pa zaka khumi za majekete ndi nsapato zopolisha sitinadziwane chonchi.

Anali mboni yanga yokhayo m'dera lonse. Kwathu kuno bambo wopezeka pakhomo 10 koloko m'mawa ndiye kuti ntchito inatha. Amayi apampopi anayamba kundipatsa moni wachisoni: "Achimwene, musadandaule, ipezeka ina." Posakhalitsa ndinasanduka wantchito wa aliyense. Mitambo ikada, "Achimwene, mutianulireko zovala." Madzi akabwera, "Achimwene, mutitchererereko ndowa." Makiyi a nyumba zinayi ankasungidwa kwa ine. Maliro akagwa, chowiringula chakuti ndili kuntchito chinasiya kugwira, pakuti onse ankandiona pakhonde nditavala kabudula. Tambala yekha ndiye ankasuzumira pazenera n'kuona kuti malipoti akulembedwadi.

Ndiulule kuti ankandichotsanso kusungulumwa. Sindinkadziwa kuti ofesi inali mudzi. Kunali tiyi wa 10 koloko ndi miseche yake, chipereganyu cha kumapeto kwa mwezi, pepala la chipepeso loyenda m'madesiki mnzathu akaferedwa. Pageti panali amayi a mandasi otikongoza mpaka pa 27, amene bizinesi yawo inagwa tsiku limene ife tinkavina. Zonsezi zinafinyikira m'gulu la pa WhatsApp, mmene chisoni chimatumizidwa ndi kachithunzi ka manja opemphera. Masana ena ndinadzipeza ndikufotokozera tambala mmene abwana andibwezera lipoti kachitatu. Anapendeketsa mutu, n'kundiyang'ana ndi diso limodzi, ndipo sanakauze aliyense. Ndani wa kuofesi akanatha zimenezi?

Dziko lino linamuzindikira kale. Mu 1971, potaya paundi, makolo athu anatcha ndalama yathu kwacha, ndipo tindalama 100 topanga kwachayo anatipatsa dzina la amene amalengeza kucha. Lero tambala wachitsuloyo sagula ngakhale kamtengo kamodzi ka machesi, ndipo akagwa pansi palibe amawerama. Ndi mmene timalipirira antchito okhulupirika.

Wa aneba naye analandira penshoni yotero. Pa Khrisimasi ya 2022 kunabwera apongozi awo kuchokera ku Ntcheu, ndipo mlendo wotere sadyera bonya. M'mawa mwake pampanda panali zii. Masana kunabwera mwana ndi kambale kovindikira: "Amayi akuti mulaweko." Inali ntchafu. Ndikanakana, koma kukana mbale ya aneba ndi mwano. Nyama yake inali yolimba, monga zimakhalira ndi ogwira ntchito nthawi yaitali osapita kutchuthi, koma msuzi wake unali wosaiwalika.

Tsopano ndinabwerera kuofesi masiku atatu pa sabata. Amayi apampopi anandiyamikira kuti ndapeza ntchito ina, ndipo sindinawatsutse. Pamsonkhano abwana akanena zopirira, tonse timagwedeza mitu, ine n'kumayang'ana kuzenera kudikira woyankha. Komabe mpando wa malemuwo sukhala wopanda munthu nthawi yaitali. Masiku awiri amene ndimagwirira kunyumba, pampanda pamakwera kamwana kake, lipombo likungomera kumene. Mawu ake amathera panjira, ndipo nthawi zina kamalira msonkhano utatha kale. Ndawapempha aneba kuti Khrisimasi ikubwerayi agule ya ng'ombe, mnyamatayu ayambe wazolowera ntchito.